Chitsulo Chochirikiza Zenera

Zenera la kukhitchini kwanga ku Govan, dera la mumzinda wa Glasgow ku Scotland, ndi lamwano. Nyumba zosanjikizana za kuno n'zakalekale, ndipo mazenera ake satsekulira kunja ngati akwathu. Zenera umachita kulikankhira m'mwamba, chingwe chobisika m'mbali n'kuligwira. Chingwe cha langali chinaduka ine ndisanalowe m'nyumbamo. Ukalikweza n'kulisiya limayamba lakhala phee ngati lamva, koma ungotembenuka, phuu! Mbale kugwedera, mtima kudumpha, mayi wokhala pansi pathu n'kugogoda denga lake ndi mtengo wa tsache. Eni nyumba ndinawadandaulira mpaka malovu kuuma m'kamwa, iwo ankangoti atumiza munthu.

Amene anathana nalo ndi bambo anga, sabata yoyamba atafika ku Glasgow.

Bambo anabwera kudzakhala nane mayi atamwalira. Ine ndine namwino pa chipatala chachikulu chapafupi pano, ndipo tulo sindinkaliona ndikaganiza kuti mkulu uja akudziphikira yekha ku Kasungu, munthu amene moyo wake wonse sanadziwe pamene pamakhala mchere. Mapepala anatizunza, koma anatheka. Anatsika ndege atavala majekete awiri ndi chipewa chofika m'makutu, nkhope ili ngati ya munthu amene akupita naye kundende.

Tsiku lachitatu ndinkakazinga usipa umene anabwera nawo, ndiye ndinakweza zenera kuti fungo lisatiyambanitse ndi anthu oyandikana nawo. Linachita zake zija. Bambo anadzambatuka pampando, dzanja lamanja litafika kale paphewa pamene panalibe kanthu. Analiyang'ana zeneralo nthawi yaitali, kenaka analowa kuchipinda kwawo, ndikumva akufunafuna m'sutikesi. Anatuluka ndi chitsulo chakuda, cholemera, chotalika ngati chikhatho ndi theka, chokhala ndi kachogwirira kopindika ndi kampira kunsonga. Anakweza zenera n'kuchiimika pansi pake, zenera n'kumvera.

"N'chiyani chimenechi, bambo?"

"Chitsulo."

"Ndaona kuti n'chitsulo. Cha chiyani?"

"Cha zenera."

Ndinangoseka. Bambo anali munthu wosataya kanthu. M'sutikesi momwemo munali malezala akale, zingwe, mahinjesi awiri ndi loko wopanda kiyi, choncho ndinangoti chimenechinso n'chotsekera chitseko cha khola linalake. Chinakhala pazenerapo zaka zisanu ndi ziwiri. Ndikamaphika ndinkachiimika, kukazizira ndinkachigoneka pambali, tsiku lina ndinaswera nacho nkhuku youma ndi ayezi.

Loweruka lililonse m'mawa bambo ankayala nyuzi patebulo, kutenga kabotolo ka mafuta a makina osokera ndi kansanza, n'kuyamba kuchipukuta chitsulocho. Ankachipukuta modekha, lilime lili pakona pa mlomo, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Akamaliza ankachibwezera pamalo pake n'kukhala pampando wawo wapazenera, kuyang'ana kuseri kwa nyumba kumene nkhandwe zimabwera masana dzuwa likuswa mtengo kudzafufuza m'mabini. Nkhandwe za kuno zinkawapweteka mtima. Ankati nyama yosaopa munthu ndi nyama yopanda mwambo.

"Bambo, chitsulochi mukuchisamala ngati mkazi wachiwiri," ndinkawaseka choncho. "Mayi akanakhalapo akanachiponya mumtsinje wa Clyde."

"Dzimbiri, mwananga," ankatero. "Dziko lanuli n'lamadzi."

Kuti mumvetse uchitsiru wanga, ndiyenera ndinene za mfuti. Bambo anali mlenje, koma osati wa nyama za m'nkhalango ya boma. Anali ndi chiphaso, ndipo ntchito yawo yeniyeni inali nguluwe zimene zinkatha chimanga cha anthu. Mfutiyo inali yaitali, ya thabwa lofiirira losalala ndi thukuta la anthu awiri, iwo ndi amalume awo amene anawasiyira. Kwathu mfuti siipita kwa mwana wako, imapita kwa mwana wa mlongo wako. Ankayenda nayo paphewa, poyera, kudutsa pakati pa mudzi, ndipo amayi pachitsime akaiona ankadziwa kuti munda wa wina ugona bwino. Nguluwe ikagwa, mwendo unali wa mwini munda, chiwindi cha wokalamba aliyense amene mano anamuthera, ife a pakhomo tinkatsala ndi mutu ndi mbiri yabwino.

Panali lamulo limodzi limene linkandiwawa ndili mtsikana: mkazi sagwira mfuti, saidumpha, sakhala pafupi ikamatsukidwa. Ankati ikatero imaphonya. Ine ndinali mwana wouma mutu, wokwera mitengo, ndipo ndinayesa kangapo kusuzumira kuseri kwa nkhokwe kumene bambo ankaitsukira. Nthawi zonse ankandimva ndisanafike. "Iwe, kwa amako!" Choncho ndinakula ndikuidziwa mfutiyo ili yathunthu paphewa, koma zam'kati mwake sindinazionepo.

Chinanso chimene aliyense pabanja pathu ankachidziwa ndi ichi. Amalume awo a bambo ataikidwa m'manda, bambo anaomba mfutiyo kumwamba kamodzi, monga achitira mlenje akamatsanzika mlenje mnzake. Ankaikamba nkhaniyi kawirikawiri, ndipo mathero ake sankasintha: "Nanenso tsiku langa idzalire kamodzi. Nyimbo muimbe zimene mukufuna, maluwa kaya, koma idzalire kamodzi." Ku Glasgow kuno ankanenabe zomwezo, makamaka akadwala chimfine, pakuti bambo chimfine chilichonse ankachiyesa imfa.

Pobwera kuno mfutiyo anaisiya kwa msuweni wanga, mwana wa mlongo wawo, mapepala onse atasintha bwinobwino. Anaipaka girisi, kuikulunga m'bulangete, kuisokera m'chiguduli, n'kumuuza kuti asamasule kufikira tsiku lija. Msuweni wangayo ndi munthu wa m'tauni, amayendetsa njinga yamoto ya kabaza ku Lilongwe, mfuti sadziwa kutsogolo kwake. Anailonga pansi pa bedi n'kuiwalako.

Linali Lamulungu masana, titangobwera kutchalitchi, bambo asanavule n'komwe tayi. Tinali kukhitchini, iwo akumwa tiyi, ine ndikusenda mbatata, zenera lili chotsekula. Foni yanga inalira, ya vidiyo, ndipo anali msuweni.

"Akazi anga," anayamba choncho, monga timachitira pachisuweni chathu, "mwandiiwala chifukwa cha azungu?"

"Amuna anga aulesi, munditumizira liti chitenje?"

Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha. Anali ataonda, maso atalowa m'kati. Atakweza dzanja kuti akonze foni ndinaona bandeji kuchokera pachigongono mpaka pachikhatho. Ine ndi namwino, bandeji ndimaiwerenga ngati kalata, ndipo imeneyo sinali ya kugwa panjinga.

Anapempha kuti ayankhule ndi amalume ake. Ndinatsamiritsa foni pa chitini cha shuga, ndipo anafotokoza. Masabata atatu m'mbuyomo ananyamula anthu awiri chakumadzulo, ovala bwino, aulemu. Atafika pamalo a zitsamba anamuuza kuti aime, wina n'kusolola chikwanje m'jekete. Anatchinga ndi mkono, n'chifukwa chake mutu unapulumuka. Njinga inapita. Mnzake anamubwereka ina, koma tsopano munthu aliyense akakwera kumbuyo kwake msana wonse unkachita tsembwe. Sankadya, sankagona, ana ake atatu ankangomuyang'ana.

"Pepa, mwana wa mlongo wanga," anatero bambo. "Bwanji sunanene?"

"Ndimaopa kukudandaulitsani, amalume."

Kenaka anayamba kuzungulira ngati galu wofuna pogona. Anati pali bambo wina wa famu amene anyani amuvutitsa, ndipo akufuna mfuti yaitali. Bamboyo ali ndi kamfuti kakang'ono, kapisitolo kolowa m'thumba la jekete osaoneka, ndipo anagwirizana zosinthana, za mapepala akalongosola pambuyo. Dzulo lake msuweni anasolola chiguduli pansi pa bedi n'kupita nacho ku famuko, osauza munthu.

Bambo anaika kapu pansi. "Pitiriza."

"Amalume, ndinachita manyazi. Bamboyo atamasula anaseka mpaka kugwira m'mimba. Akuti mfutiyi ilibe bawuti, ndi ndodo chabe. Akuti popanda chimenecho siingalire." Anatembenuza foni kutionetsa mfutiyo ili pabedi, pamwamba pake pali mpata wautali wopanda kanthu. "Akuti n'chitsulo chotalika chonchi, chili ndi kachogwirira kopindika, kunsonga kuli kampira. Ndasesa nyumba yonse. Kodi munachisiya kumudzi?"

Mpeni unaima m'manja mwanga. Maso anga anapita okha pazenera. Chinali chiimire pamalo pake, chikunyezimira ndi mafuta a dzulo lake, kampira kake kataloza kwa ine. Ndinayang'ana bambo. Iwo anali atatolanso kapu yawo, akuuzira tiyi amene anali atazizira kalekale.

"Bambo!"

"Usakuwe, mwananga, lero ndi Sabata."

Anadzuka, anagwira zenera ndi dzanja limodzi, kuchotsa chitsulocho, kulitsitsa pang'onopang'ono, n'kudzachiika patsogolo pa foni. Msuweni anangoti kukamwa yasa.

"Mlenje sasiya mfuti yathunthu m'nyumba ya munthu wina," anatero bambo. "Amalume anga ankati ukapita kutali, mtima wa mfuti uzipita nawo m'thumba. Ndinkapita nawo ku Lilongwe, ndinkapita nawo ku maliro. Nanga pobwera kuno ndikanausiya bwanji?"

Msuweni atapezanso mawu anayamba kuchonderera. Anati achitumize, kapena ine ndidzapite nacho pa tchuthi. Anati mfutiyo ndi yake mwamwambo ndi mwamapepala, ndipo munthu sapatsidwa nkhuku yopanda mutu. Anati nguluwe zinatha, zimene zatsala ndi za miyendo iwiri. Ankayankhula misozi ili m'maso, ndipo ine, ngakhale mutu unali utaima ndi zanga, ndinamumvera chisoni kwambiri. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Bambo anamusiya mpaka anatopa. Kenaka anamufunsa ngati mayi ake anamuuzapo za mondokwa. Iye anati ayi.

"Sakanakuuza, anali wamanyazi. Chaka chimene unabadwa, nguluwe zinavuta m'munda mwanga. Ndinakwera pansanja kudikira. Kum'mawa kutayamba kuyera ndinamva chimanga chikuthyoka, khwa, khwa, kumunsi kwa munda. Ndinaona mapesi akugwedera ndi chinthu chakuda chitawerama. Ndinati lero wadya komaliza. Koma mfuti iyi ndi yaulesi, mwana wa mlongo wanga. Uyambe waitsitsa paphewa. Ukoke chitsulo ichi m'mwamba, kumbuyo, kutsogolo, pansi." Ankachita ndi manja, chitsulo chili m'mwamba. "Uikhazike paphewa, upeze chinthucho, ugwire mpweya. Nthawi yonseyo imakufunsa kuti, watsimikiza? Ndili pa kugwira mpweya, nguluwe ija inatsokomola."

Nkhani imeneyi inenso ndinali ndisanaimvepo.

"Anali mayi ako, mimba ili apa, iwe uli m'katimo. Pakati pako panamupatsa chilakolako cha mondokwa, chawo chinali chisanakhwime, ndipo anachita manyazi kundipempha. Ndinatsika pansanja, ndinamuthyolera dengu lonse, sindinamuuze kanthu kufikira iwe utayamba kuyenda. Ukuona? Uli moyo chifukwa mfuti iyi imachedwa. Tsono iwe ukufuna kaja kosachedwa, ukaike m'jekete, pamtima pamene pali mantha. Tsiku lina munthu adzapisa m'thumba kuti akulipire, iwe msana uli tsembwe. Kadzakufunsa ndani kuti watsimikiza?"

"Nanga nditani, amalume? Ndife?"

"Akafuna njinga uwapatse. Dzuwa likapendeka uzibwerera kwanu. Anakutema mkono chifukwa anapeza munthu wa njinga. Akadzapeza munthu wa mfuti sadzalimbana ndi mkono."

Msuweni anapukuta kumaso ndi bandeji yake. Anati n'zosavuta kuyankhula uli ku Ulaya, kumene ngakhale nkhandwe zimayenda mwaufulu. Anati adikira, tsiku lina chitsulocho chidzabwerabe kumudzi, pakuti amalume eni ake akufuna mfutiyo idzalire pa maliro awo. Anadula foni osatsanzika, chimene sanachitepo chibadwire.

Apo m'pamene ine ndinaphulika. Ndinawauza bambo kuti dziko lino si Kasungu. Kuno kamfuti kam'thumba n'koletsedwa kotheratu, ndipo ngakhale chiwalo chotere cha mfuti yosakira sungasunge popanda chilolezo. Ndinawauza kuti kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuonetsa mlandu pazenera, anthu a kutchalitchi akubwera kudzapemphera pompano, abusa akutsamira pomwepo. Ndinati ntchito yanga ya unamwino ikhoza kuthera pa chitsulo chimenechi, iwonso akhoza kubwezedwa. Ndinayankhula zambiri, zina zosayenera mwana kwa kholo lake. 

"Sindinadziwe, mwananga," anatero bambo. "Ndinkayesa mfuti ndi ija yatsala kumudzi. Ndakulakwira."

Bambo anga anali asanandipepesepo chibadwire. Mkwiyo wonse unathera pompo, ndinangokhala pansi n'kuyamba kulira. Ndipo poti chikondi chimapusitsa, ine yemwe amene ndinkalalata za malamulo ndinayamba kupanga mapulani a umbava. Ndinati tichibise m'thumba la ufa. Ndinati ndidzachinyamula ndekha popita kumudzi, zikavuta zidzavutire ine, bola tsiku lawo lija mfuti idzalire monga ankafunira.

Anapukusa mutu. "Chikakafika kumudzi chikalowa mu mfuti tsiku lomwelo. Maliro anga akatha, mawa lake mwana uja ali pa famu. Wandiuza yekha."

"Nanga tsiku lanu lija, bambo?"

Masiku atatu anakhala pampando wawo wapazenera, chitsulo chili pamiyendo, zenera lili chotseka. Chakudya ankangochilawa. Ndikamapita kuntchito ndinkawasiya pomwepo, pobwera n'kuwapeza pomwepo. Ndinkadziwa chimene chinkawadya. Munthu anasiya munda wake, manda a mkazi wake, anzake onse, n'kudzakhala m'dziko limene ngakhale moni wa m'basi sankaumva. Chimene anatsala nacho chinali kulira kumodzi kwa mfuti, kumene iwo eni sakanadzakumva n'komwe.

Lachinayi m'mawa ndinawapeza atameta ndevu.

"Aimbire a boma," anatero. "Uwauze kuti pali nkhalamba ina yopusa imene ikufuna kupereka chinthu."

Ndinaimbira apolisi. Anandiuza kuti tisatuluke nacho, abwera okha. Bambo anavala suti yawo ya mgonero, anapukuta nsapato ngakhale sankapita kulikonse. Anayala nsalu yoyera patebulo, kuchipaka mafuta chitsulocho komaliza, n'kuchigoneka pakatikati. Kenaka anandilamula kuti nditereke tiyi ndi kugula masikono, ati alendo salandiridwa ndi mlandu wokha.

Anabwera apolisi awiri, mwamuna ndi mkazi. Bambo anawalandira ataimirira, ndi Chingerezi chawo cha kusukulu ya mishoni chimene chimamveka ngati akuwerenga Baibulo. Apolisiwo ankayankha m'Chingerezi cha ku Glasgow chimene bambo sanachimvepo ngakhale liwu limodzi, choncho ine ndinakhala pakati kumasulira Chingerezi kupita m'Chingerezi. Anafunsa mafunso ambiri n'kumalemba. Bambo anafotokoza zonse, za amalume awo, za nguluwe, za zenera. Pa za zenerapo wapolisi wamwamuna anayang'ana kudenga, masharubu akugwedera. Komabe anatiuza mosapsatira kuti tinalakwa, ndipo kuti tidzamva kuchokera kwa akuluakulu awo.

Amene anatambasula dzanja kuti atenge chitsulocho anali wamkazi uja. Ndinayang'ana bambo, ndikukumbukira kuseri kwa nkhokwe. Mayiyo anayamba wavala magolovesi, n'kuchinyamula ndi manja awiri. Bambo anandiweramira n'kunong'ona m'Chichewa.

"Waona, uyu ndiye waulemu. Iwe unkachigwira ndi manja a usipa."

"Ndiye bwanji simunandiletse zaka zonsezi?"

"Ndinaona kuti sichikudandaula."

Bambo anafunsa mayiyo kuti akachita nacho chiyani, ndipo iye anayankha mofatsa kuti chikaphwanyidwa. Bambo anagwedeza mutu kawiri. Anawaperekeza alendowo mpaka pamasitepe, monga tichitira kwathu, n'kuima pomwepo kufikira chitseko chapansi chitatsekeka. Atabwerera anavula jekete, anatenga tsache lakale ndi mpeni wa buledi, n'kuyamba kudula mtengo wake. Pofika madzulo zenera linali litachirikizidwa ndi kamtengo. Patapita masabata angapo kalata inabwera, yotichenjeza ndi kutseka nkhaniyo.

Bambo anamuimbira okha msuweni kumuuza zimene anachita. Iye anangoti, "Chabwino, amalume," n'kukhala miyezi inayi osatiyankhula. Bambo ankafunsa Lamulungu lililonse ngati waimba. Loweruka m'mawa ankayalabe nyuzi patebulo mwachizolowezi, kenaka n'kukumbuka, n'kuyamba kuiwerenga ngati ndicho chimene anaiyalira. Zimenezo zinkandilasa mtima kuposa china chilichonse.

Tsiku lina foni inalira. "Akazi anga, mukadali ndi nkhalamba yanu youma mutu ija?" Ndinadziwa kuti mkwiyo wa msuweni watha. Anati tsopano amaweruka dzuwa lisanalowe, ndipo iye ndi anzake a pa siteji sanyamulanso anthu awiri osawadziwa. Sanati amalume ananena zoona, msuweni wanga sangatero ngakhale mutamukolowola lilime. Chaka chotsatira achifwamba anamuimikanso panjira n'kumulanda foni. Anaipereka, anafika kunyumba wathunthu, ndipo anatiimbira pa foni ya mkazi wake akutukwana.

Bambo anamwalira patapita zaka ziwiri, m'chipatala chomwe ndimagwira ntchito, ndi chibayo chimene poyamba tonse tinachiyesa chimfine chawo cha masiku onse. Anthu a kutchalitchi anandigwira mkono, ndipo tinawatengera kwawo ku Kasungu kukagona pafupi ndi mayi.

Tsiku loika, tikunyamuka pakhomo kupita kumanda, ndinaona anthu akupatuka. Anali msuweni. Anali atavala malaya oyera a manja aafupi, chipsera chonse chili poyera, mfuti yaitali ija ili paphewa. Thabwa lake anali atalipukuta mpaka kuwala. Anapita kutsogolo kwa bokosi n'kuyamba kuyenda, kudutsa pakati pa mudzi, njira yomwe bambo ankadutsa. Amayi okalamba ataiona mfutiyo anayamba kulira mwatsopano. Ankainyamula molakwika, ngati khasu, ndipo ndinamva mawu a bambo m'mutu mwanga akumukalipira.

Bokosi litatsikira, mkulu wina amene ankasaka ndi bambo kale anasendera kwa msuweni. Anthu ena anali atatseka kale makutu a ana.

"Iombe tsono, mwanawe."

"Siilira, agogo."

"Yafa?"

"Eni ake anaitseka pakamwa," anatero msuweni. "Anaitseka chifukwa cha ine."

Anaima pamutu pa manda, mfuti ili paphewa, kufikira dothi lomaliza.

Ndinabwerera ku Govan patapita masabata awiri, m'mawa wa mvula yowaza. Nyumba inali ndi fungo la malo otsekedwa. Mpando wawo unali pomwe unali, kabotolo ka mafuta a makina kali pawindo, chipewa chawo chili pa msomali. Ndinakweza zenera n'kuimika kamtengo kaja, kamene anali atakasalaza bwino ndi mpeni ngati chinthu chogulitsa. Ndinakhala pampando wawo ndisanavule n'komwe jekete. Kuseri kwa nyumba nkhandwe ina inkayenda pang'onopang'ono pakati pa mabini, yopanda mwambo monga mwa masiku onse.

Ndinaganiza za mayi wa pansi pathu ndi tsache lake, ndinati andikhululukira. Ndinaimirira, ndinakonza jekete, ndinagwira mpweya monga ankanenera bambo. Kenaka ndinasolola kamtengo kaja n'kubwerera m'mbuyo.

Zenera linayamba lakhala phee, ngati likundifunsa. Kenaka linalira, kamodzi.